Nkhosa Yanu Yadya Udzu wa M'bokosi

Bambo a Ikram,

Pabwalo ponsepa munasowa pomangirira nkhosa yanu ya Idi, mpaka pafupi ndi bokosi la mbale za mwana? Yadya udzu wonse umene ndinayala pakati pa mbalezo, kenako yagubuduza bokosilo. Mbale yaikulu yodyeramo chakudya cha kusikusi ija, imene malemu mayi anga anandisiyira, yasweka pakati. Ikram akuiyembekezera pa ukwati wake ku Marseille, ku France. Mukamuuze nokha, ine ayi.

Ndathamangira kwa a Bouchaib oumba mbiya kukafuna ina, ngakhale sidzafanana nayo. Mukafika musakhale pansi. Mbale zopulumukazo ndakulunga kale, iliyonse payokha. Muziike choimika, osati chogoneka, ndipo mipata mutseke ndi nsanza. Mukamanga, muligwedeze bokosilo. Mukamva kulira m'katimo, masulani muyambirenso. Basi yotengera bokosilo ku doko la Tanja sidikira munthu.

Sindinaphike, pepani. Buledi ali m'dengu.

Mkanjo wanu woyera wa Idi musavutike kuufunafuna. Poti udzu wadyedwa, ndakulungira mbale mkanjowo, ukupita ku France. Chovala kumapemphero mukapemphe kwa nkhosa yanuyo, ubweya ili nawo wambiri.

Zhor