Bulu Wathu wa Lamulungu la Kanjedza

Oberlahn, Tyrol
Loweruka, 13 Epulo

Okondedwa achemwali Burgl,

Kuno kwacha ndi nkhungu. Phiri silikuoneka, koma chipale chofewa chikusungunuka padenga, madzi akungodontha m'chidebe cha pakhonde, ndipo ng'ombe za a Gruber zikulira kufuna kutuluka m'khola. Bambo alawirira kutchalitchi kukathira mafuta m'mawilo a bulu wathu wamtengo. Ine ndatsala kukhitchini kuti ndikulembereni, popeza pa foni mumakhala mukuthamangira odwala anu ku Hamburg konko.

Mukudziwa kale kuti chosema chathu cha Yesu wokwera bulu, chija timakoka m'mudzi pa Lamulungu la Kanjedza, anachitengera ku nyumba yosungiramo zakale mumzinda chifukwa mtengo wake unayamba kufumbwa. Chimene sitinakuuzeni n'chakuti akatswiri atapala utoto wapamwamba, anayamba kukayikira kuti mwina anachisema ndi Kaspar Truner mwiniwake, mmisiri wa zaka mazana asanu zapitazo. Anthu m'mudzi anasangalala. Bambo ayi. Ankadziwa kuti chosema cha mmisiri wotere sachikokanso pa msewu wa miyala, amachitsekera m'galasi. Komanso anali atanena kale kuti msana wawo watopa, chaka chino chingwe ndigwira ndine.

Dzulo aphunzitsi anandilola kujomba. Tinapita mumzinda atatu, ine, bambo ndi azakhali Resi, pa galimoto yawo yonyamula buledi.

"Achimwene, mwavala jekete la pamaliro," anatero azakhali. "Tikukatenga bulu kapena tikukaika munthu?"

"Uziyang'ana msewu, Resi. Wagunda kale zidebe za anthu kawiri chaka chino."

Anatilandira ndi Mayi Unterhofer, katswiri amene wagwira ntchitoyi nyengo yonse yozizira. Achemwali, anali atawalekanitsa. Yesu anamugoneka pa tebulo, miyendo ili yotangadza ngati akadali pamsana, ndipo bulu anali yekha pakona, ndi bowo pamsana polowera chikhomo. Ine sindinkadziwa kuti amachoka.

Mayiwo anationetsa mapiringu a ndevu, mitsempha ya pa dzanja lodalitsa lija, ndi mtundu wobiriwira umene unabisika pansi pa mkanjo wofiira. "Ili ndi dzanja la mmisiri mwiniwake," anatero. "Nthawi imeneyo iye ankasema munthu, makamaka nkhope ndi manja. Zotsalazo ankasiyira anyamata ake ophunzira ntchito." Kenako anatembenukira kwa bulu n'kumusisita pakhosi. "Uyu anasema ndi mmodzi wa anyamatawo, ndipo sindikhulupirira kuti anamuyang'anitsitsapo bulu. Mutuwu ndi wa mwana wa ng'ombe, miyendo ndi ya tebulo."

Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndiye wa kwathu weniweni. Taonani maso ake, ndi achimwene awa ndendende."

Mayi Unterhofer analoza khutu lakumanzere. "Ili linathyokapo. Wina analimata ndi guluu n'kulipaka penti ya zitseko. Ndani?"

Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbuka tsiku limene munamukwera m'chipinda cha zovala za ansembe ine ndikulondera pakhomo, khutu n'kuthyoka, ndi mmene munabisira bulashi kuseri kwa nkhuni.

"Ndine, mayi," anayankha bambo, osaphethira n'komwe. "Ndinaligunditsa pachitseko."

Kenako tinamva chimene tinkaopa. Akuluakulu a mpingo anagamula kuti Yesu sangapirirenso mvula ndi kugwedezeka. Akhala mumzinda, ndipo bulu akhala naye monga chokhalira chake. Bambo anangopotokola chipewa m'manja. Chingwe chinali m'thumba la jekete lawo, ndinkachiona chikusuzumira.

Mumandidziwa, ngakhale m'kalasi sindikweza dzanja. Koma ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Mayi, pa chikwangwani mudzalemba dzina la ndani?"

"La Truner."

"Koma buluyo si wake. Mwanena nokha. Amene akumufuna ndife."

Mayiwo anandiyang'anitsitsa. Kenako anatuluka ndi foni. Tinkawamva kukhonde, akutsitsa mawu, akukweza, akutsitsanso. Atabwerera anati, "Yesu timupangira chokhalira china. Buluyo mutengeni. Koma penti ya zitseko ndisaionenso."

Tisananyamuke bambo anaima pafupi ndi tebulo lija. Sanamukhudze Yesu, mayi aja anali atatiletsa. Anangoti, "Tsalani bwino, Ambuye. Kuno n'kofunda kuposa kutchalitchi kwathu."

Pobwerera, titadutsa mlatho, bambo anati, akuyang'ana pawindo, "Kwa mwana wa zaka khumi, Burgl anapenta bwino khutu lija. Ine ndinangowongola pang'ono atagona." Achemwali, ankadziwa zaka zonsezi.

Mawa ndikoka bulu wopanda wokwera. Bambo mfumu akuti timuike nthambi za azitona pamsana. Ena akuti n'zochititsa manyazi, ena akuti atsatira ndithu. Ine chikundiopsa ndi chitsikiro cha pa mpope paja. Inu munkadziwa kugwira kumbuyo kuti mawilo asathamange, ndipo sindinapeze woti ndimupemphe. Sindikunena kuti mubwere, ndikudziwa ntchito yanu ndi kutalika kwake. Ndikungokuuzani.

Azakhali akupereka moni, akuti akusungirani buledi wopota wa pa Lamulungu la Kanjedza ngakhale aume. Bambo sanatume mawu, koma dzulo anatsegula mawindo a chipinda chanu n'kuyala bedi, osanena chifukwa.

Dzulo tinafika kuno mabelu a madzulo akulira. Tabwera bambo, azakhali, ine, ndi bulu ataima pakati pa madengu a buledi, khutu lanu lili m'malo mwake. Yesu watsala mumzinda. Ena onse tilipo, kupatula inu.

Ndine mlongo wanu,
Severin