Tambala Mmodzi M'makola Atatu

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi azakhali. Kuno ana achira chifuwa chija, koma ine mtima suli m'malo.

Mwezi watha bungwe lathu linandituma ku Msoro kukaona ngati amayi amene tinawaphunzitsa bizinesi ya nkhuku akupindula. Ndinatumiziratu uthenga, monga mwa ulemu. Ndinayendera midzi itatu, tsiku lililonse mudzi umodzi, ndipo makola onse anali odzaza. Ndinajambula zithunzi, n'kulemba lipoti loti maphunziro athu aphula kanthu.

Lachiwiri, ndikusanja zithunzizo, ndinaona tambala wofiira wa diso limodzi m'makola onse atatu. Ndinabwererako osauza munthu. M'makola awiri munalibe ngakhale nthenga. Amayi Zulu, wapampando wa gulu la amayiwo, sanabise kanthu. Nkhuku zambiri zinatha ndi chitopa, ndipo zotsalazo ankazinyamula panjinga kunditsogolera mudzi ndi mudzi.

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Iii, bambo, mlendo wochokera kutali n'kumuonetsa khola lopanda kanthu? Komanso pepala lanu la mafunso lija linafunsa ngati m'khola muli nkhuku. Silinafunse kuti n'za yani."

Pepalalo ndinalikonza ndine, amalume, masabata awiri athunthu. Lipoti linafika kale kwa otithandiza ndi ndalama, ndipo akufuna kupititsa maphunziro omwewa kumidzi ina, opanda phunziro la katemera. Lolemba ndikawauza abwana zoona, ngakhale ntchito ithere pomwepo.

Mundipempherere. Ndipo chonde musawauze kaye mayi, pakuti akuuzabe anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo sanamizika.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Yohane