Ndani Anaika Kachipeŵa pa Tsamba la Malemu?

Aphungu,

Sindine munthu wolembalemba, koma nkhaniyi yandisoŵetsa woti ndimuuze. Akazi anga anamwalira miyezi inayi yapitayo. Anali telala, ndipo zaka zitatu zomaliza ankalemba pa intaneti, pa tsamba lawo lomwe ankati bulogu. Ankalembapo za ntchito yawo: katembenuzidwe ka kolala yothaitha, kasokedwe ka zipi kuti nsalu isakwinyike, ndi tinkhani ta anthu obweretsa zovala.

Ine ndinagwira ntchito zaka makumi atatu pa kampani yosindikiza mabuku, kuŵerenga masamba asanapite ku makina kuti ndigwire zolakwika. Kumeneko chosindikizidwa chasindikizidwa. Ukalakwitsa, cholakwacho chimakuperekeza mpaka kumanda. Ndiye bulogu ndinkaiderera. Iwo ankangoseka. Ankati, "Buku lanu limatha chaka, ndipo woŵerenga sakuyankhani. Ine ndikalemba m'maŵa, pofika masana mayi wina wakutali wandiuza kale kuti zipi yake yakhala bwino."

Mkangano wathu wa masiku onse unali wa kachipeŵa ka pa ŵ. Iwo sankakaika. Ndikaŵerenga ndinkati, "Mayi, maŵa wanu watuluka wosavala chipeŵa." Iwo amvekere, "Kukutentha, bambo, msiyeni apitidwe mphepo."

Titaika maliro, Lachiŵiri lotsatira 7 koloko m'maŵa, foni yanga inalira kundidziŵitsa kuti pa tsambalo pabwera nkhani yatsopano. Ndinali pa sinki, ndikutsuka kapu imodzi. Mawu ake anali awo enieni, mpaka ndi kanthabwala koti mabatani amathaŵa tsiku la ukwati. Lachiŵiri linalo inabweranso ina. Mpaka lero sipanadumphe sabata. Oŵerenga sakudziŵa kanthu. Amalemba m'munsimo kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi? Nanga chifuŵa chija?" Palibe amene amawayankha.

Makina awo osokera akadali pa windo, siketi ya munthu ili pomwepo, singano ili chibayire. Ndimakhala pa mpando wa pambali n'kumaŵerenga.

Sabata yatha nkhani inali yosunga zidutswa za nsalu. Inathera pa mawu akuti "zidzagwira ntchito mawa." Ndisanaganize n'komwe ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Mayi, chipeŵa." M'nyumba ndinali ndekha, zitseko zotseka. Lachitatu nditatsegulanso tsambalo, panali palembedwa "maŵa". Ndinapukuta magalasi n'kuyang'ananso. Aphungu, maso ndiwo ankandidyetsa ine. Sindinaone molakwa.

Sindine munthu wa zikhulupiriro, koma chiyambire tsikulo ndimayamba ndaodira ndisanaloŵe m'chipinda chosokeramo.

Alamu anga, achimwene a malemu, amva za nkhanizi. Akuti, "Womwalira salankhula sabata ndi sabata. Mukumuvutitsa mlongo wanga, mutsekereni agone." Auza mwana wathu wamkazi, yemwe anatenga foni ya mayi ake, kuti abwere nayo Loŵeruka kuti zonse zifufutidwe. Ndikalola, ndikhala ngati ndawaika m'manda kaŵiri. Ndikakana, mwina ndikuwakakamiza kukhala pomwe safuna. Ndichite chiyani?

Ine wanu,
B. L. M., kuseri kwa depoti ya basi

Bambo B. L. M.,

Pepani ndi maliro. Mundikhululukirenso, zilembo zanga sizivala zipewa. Pa mkangano uja ndili mbali ya mayi.

Mtima pansi: mayi sakuvutika, ndipo sakuyendayenda. Pa bulogu munthu amatha kulemba nkhani zambiri lero, n'kuiuza iliyonse tsiku ndi ola loti idzatulukire. N'chifukwa chake zikubwera 7 koloko yeniyeni osaphonya. Mayi ankadziwa mmene thupi lawo linalili, ndiye anachita za utelala: kuduliratu nsalu mphamvu zikadalipo.

Za kachipewa ndi nkhani ina. Makina sakonza okha chilembo. Buku likatuluka latuluka, koma za pa intaneti amazisintha aliyense amene ali ndi kiyi, kutanthauza mawu achinsinsi olowera pa tsambalo, ndipo kiyiyo ili mu foni ija. Mwana amene anakulira m'nyumba ya mkangano umenewu sanafunike kukumvani mukudandaula kuti adziwe za chipewacho. Mwina anaona "mawa" ali mutu pamtunda, nadziwa kuti bambo ake ziwapweteka. Ndikuti mwina, poti ine kunalibeko. Muimbireni lero, mumufunse mofatsa. Akavomera, mwadziwa kuti Lachiwiri lililonse mumawerenga muli awiri. Akakana, sinthani mawu achinsinsi a tsambalo tsiku lomwelo, chifukwa ndiye kuti pali wina wamoyo amene akulowamo, ndipo woopsa ndi ameneyo.

Loweruka lisanafike, khalani pansi ndi mwanayo mutsegule tsambalo pa foni ya mayi ake. Mupeza mndandanda wa nkhani zomwe zikudikira, iliyonse ndi tsiku lake. Aonetseni alamu anu. Nawonso akulira, ndipo mantha awo akhoza kutha akaona masikuwo ndi maso. Koma chofufuta musalole. Tsambalo ndi la banja lanu, ndipo chofufutidwa pa intaneti kawirikawiri sichibwerera.

Kenako chitani ntchito yanu yakale. Koperani nkhani zonse, muzisindikize pa pepala, muzimange zikhale buku. Masamba a pa intaneti amatha kuzimiririka kampani yake ikatseka, koma buku la m'kabati limadikira adzukulu. Musakonzemo kanthu. Muzisiye monga mwini wake anazilembera.

Owerenga aja auzeni zoona. Akufunsa za chifuwa cha munthu amene anapuma kale, ndipo si bwino kuwasiya choncho. Lembani mizere iwiri yokha: kuti mayi anatisiya, ndi kuti zomwe zikutulukazi analemberatu okha. Ena alira nanu, ndipo muona chimene mayi ankakondera tsambalo. Siketi ijanso ili ndi mwini wake. Ipezereni telala wina.

Chenjezo langa ndi ili. Nkhanizi zili ndi polekezera. Mndandanda uja ukuuzani tsiku la yomaliza, ndiye mulilembe pa kalendala. Sabata yotsatira foni sidzalira, ndipo m'nyumbamo mudzakhala zii kuposa tsiku la maliro. M'mawa umenewo usadzakupezeni muli nokha.

Aphungu