Jekete yofiira ikupita ku Kaliyeka

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kunja kwazizira tsiku lonse, koma ine mutu wawira.

Okushoni yanga ya majekete a kaunjika yatsekedwa masana. Pulogalamu ya malonda a pa intaneti imene ndimalipira mwezi ndi mwezi ija imatseka yokha nthawi ikakwana, ndipo amene watchula mtengo wokwera ndiye mwini katundu. Jekete yofiira yagwera mayi ena a ku Kaliyeka, sindiwadziwa n'komwe.

Chakumadzulo azakhali atulukira kuchokera ku Area 25, nkhope ili gwaa. "Iwe Tamanda, ndinati undisungire yofiira ija. Malonda anji omakwera mtengo? Kumsika timanenerera kuti utsike!"

Ndawauza kuti akanapikisana nawo ngati ena onse. Iwo amvekere, "Ndipikisane ndi anthu apadera pa katundu wa mwana wa mchimwene wanga? Fufuta dzinalo."

Batani lofufutira lilipodi, ndipo chala changa chinafika pafupi. Koma ndi zomwezi zinandithawitsira makasitomala pomwe ndinkagulitsira pa gulu la pafoni. Chabwino chilichonse chinkasungidwira achibale, ena n'kumangoona zithunzi. Anthu abwerera tsopano chifukwa aona kuti wopambana amalandiradi.

Dzinalo sindinafufute. Azakhali ndawapatsa jekete yabuluu, yaulere. Aisiya pampando, tiyi osamwa. Pofika Lamulungu nkhaniyi ikhala itafika kwa bambo, ndikudziwa.

Ifike. Yofiira ndaisita, ndaikulunga, wakabaza adzaitenga m'mawa. Kaya azakhali akwiye bwanji, adzakhalabe azakhali anga. Koma mayi a ku Kaliyeka ndikawanamiza kamodzi, sadzabweranso.