Ndinasaina Osaona Kabotolo

Lolemba, 4 Malichi

Bambo a pa bedi 4, akalipentala aja, mtima unaima cha m'ma 10 m'mawa. Tinawapopa pachifuwa mphindi zisanu ndi imodzi. Mtima wabwerera, eniake ayi. Sakudzuka.

M'bini adokotala apezamo kabotolo ka potaziyamu, mankhwala oimitsa mtima akalowa mumtsempha osasungunula. Chonsecho amafunika madzi otsukira chubu cha mumtsempha basi. Timabotolo tiwiriti n'tofanana ngati mapasa, kusiyana tizilembo tokha.

Anakoka mu sirinji ndi a Sisitala, mkulu wa anamwino muno. Wosainira kuti ndaona, ine. Sindinaone.

Lachiwiri, 5 Malichi

Lamulo la muno mwa odwala mwakayakaya: chilichonse cholowa mumtsempha, anamwino awiri awerenge kabotolo. Papepala zili choncho. Koma ndani angauze a Sisitala kuti "ndione kaye"? Zaka makumi atatu pantchito. Kupeza mtsempha anandiphunzitsa ndi iwowo, atandigwira dzanja. Tonse timangolandira cholembera ndi manja awiri n'kusaina. Ati ulemu. Ulemu wangawo wagoneka bambo wa ana anayi.

Chakudya sichikulowa.

Lachinayi, 7 Malichi

Akazi a bambo a pa bedi 4 anandigwira mkono pakhomo. "Achemwali, Mulungu akudalitseni, ndamva kuti munawapopa ndinu." Ndinakalirira kuchimbudzi, mpopi uli chotsegula.

Mayi wa ku famase, kosungira mankhwala, wabwera kudzafufuza. Wapeza kuti potaziyamu watsopano anaikidwa m'dirowa momwe mumakhala madzi. Wamuchotsa, wamukhomera m'kabati, wamata tepi yofiira. Akuti, "Sitikusaka munthu, tikusaka podontha." Aliyense wam'patsa fomu.

Funso lachisanu: kodi namwino wachiwiri anawerenga kabotolo? Ndikati eya, ndanama, ndipo katundu yense asenza a Sisitala, poti anakoka ndi iwo. Ndikati ayi, ntchito yanga yatha. Ndili ndi mantha, Ambuye, mantha enieni.

Loweruka, 9 Malichi

Bedi 4 chimodzimodzi. Ndikamawatembenuza ndimaona zikhatho zawo, zolimba, zipsera za tchizulo. Fomu ikadali m'chikwama, yayamba kukwinyika. Ine ndi a Sisitala sitikuyang'anana.

Lolemba, 11 Malichi

Lero m'mawa, mankhwala a pa bedi 2. A Sisitala anditambasulira cholembera monga mwa masiku onse. Manja anga anakana. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Amayi, ndione kabotolo."



Ndinadikira kukalipiridwa. Anakatenga, kukatalikitsa, kukayandikitsa, kutsinzina diso limodzi. Kenako anakaika m'dzanja langa.

"Undiwerengere, mwanangu. Tizilemboti ndinasiya kutiona chaka chatha. Ndimangodziwa malo ake m'dirowa. Ndimati poti mumasaina, ndiye kuti mukundionera."

Chaka chathunthu. Iwo kudalira maso athu, ife kudalira awo.

Funso lachisanu ndalemba ayi. Pansi pake pali mizere itatu ya "zina zomwe mukudziwa". Cholembera chili m'manja, ndipo mawa fomu ikufunika.