Nthambi ya Maliro

Lachinayi, mwezi wa Outubro. Kwatentha, fumbi lokhalokha mu loja yathu yogulitsira mbewu, koma ndaona zondigometsa.

Alamu anga a Rozita mutu wawo umagwira, ndavomera. Ndiwo anakonza sistema yotumiza mauthenga a malonda ku mafoni a alimi athu, n'kuyiikira nthambi. Mlimi akayankha 1, amalandira za mbewu ya chimanga. Akayankha 2, za mbatata ya kachewere. Akakhala chete masiku atatu, imamufunsanso kamodzi n'kumusiya.

Kale ine ndinkangomwaza uthenga umodzi kwa onse ngati adubu, feteleza uja, m'munda. Chaka chatha wina unakafika ku Ntengo-Wambalame anthu ali pasiwa. Foni ya malemu inalira m'manja mwa mkazi wawo: "A Bonifasiyo, thamangirani mbewu!" Mpaka lero banja limenelo ndimalizemba pamsika.

Komabe Lolemba nditaona nthambi yatsopano ndinaseka. Yankho likakhala ndi mawu akuti "maliro" kapena "anatisiya", malonda onse amaima, dzina la mlimiyo limabwera kwa ife. Ndinati, "Alamu, ndani angauze makina za maliro?" Iwo anangoti, "Dikirani."

Lero masana yagwira ntchito. Mayi wina wa ku Chidzolomondo wayankha pa numeru ya amuna awo: "Bambo anatisiya Loweruka." Sistema yangoti zii. A Rozita aimba okha, apepesa, mbewu osaitchula olo kamodzi.

Atatsitsa foni anandiyang'ana. Mawa ndiwapempha andiphunzitse.

Koma kwa a Bonifasiyo kuja sindinakapepesebe, ndipo palibe nthambi imene ingandipitire kumeneko…