Galanti Sidziwa za Maliro

Chia, Nkhotakota

Okondedwa achimwene Fahad,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu ndi mwana. Chifuwa chimene munkadandaula nacho nthawi yozizira chija chinatha? Kuno tilipo, Alhamdulillah. Amayi akolola mpunga, ngakhale mbalame zinayamba zatengako gawo lawo. Za ababa ndinena m'munsimu.

Kalatayi ndapatsira Faruku, amene akubwerera kumeneko pa basi. Ndalemba pa pepala chifukwa mauthenga anga a pa foni mukumawerenga koma osayankha. Komanso mukundidziwa, ndikati ndilankhule pakamwa mawu amandithawa.

Nkhani ndi ya njinga ya mng'ono wanga Sumaiya. Inu munamva mbali imodzi yokha, yoti ababa anaibwereketsa ndipo yawonongeka. Ndiloleni ndikufotokozereni yonse.

Tsiku lija munabwera nayo pa Idi kuchokera ku shopu ya ku Lilongwe, munanena pamaso pa tonse kuti ndi yopitira ku sukulu basi. Isanyamule mpunga, isanyamule nsomba, isabwerekedwe. Ababa anavomera, ndipo mawuwo anawasunga. Anakaniza ngakhale amalume, amene mpaka lero amatipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Kenaka mayi Mwanahalima, akazi a Che Kalilu oyandikana nafe aja, anamwalira Loweruka kukucha. Maliro athu sagona. Sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, panalibe, inafunika kukagulidwa ku Boma kuti thupi livekedwe ndi kuikidwa ikangotha swala ya masana. Maminibasi ankadutsa odzaza. Che Kalilu anafika pakhomo pathu opanda nsapato, nangoima. Njinga sanaitchule n'komwe. Ababa analowa m'nyumba naitulutsa okha.

Ine ndinali pomwepo ndipo ndinakhala chete. Ndadzifunsa kambirimbiri ngati ndinayenera kulankhula. Sindikudziwa. Koma ndikuganiza kuti mukanakhalapo inu, mukanaitulutsa ndi manja anu.

Anapalasa ndi Zaidi, mwana wa mlongo wawo wa Che Kalilu, bambo wa ana ake, munthu wosamala zinthu. Pobwerera anamanga nsaluyo pa kaliyala ndi chingwe cha mphira. Nsonga ya chingwecho inalendewera n'kukodwa mu tcheni, ndipo kachitsulo kena kakang'ono kumbuyo, kamene kamagwirizira chosinthira magiya ku felemu, kanathyoka pakati. Zaidi anakankha njingayo akuthamanga. Sanda inafika pa nthawi yake.

Mpaka pamenepa vuto linali laling'ono, achimwene. Chimene chinationongera ndi ulemu. Mukudziwa kuti kuno chinthu chobwereka sitibweza chothyoka. Zaidi sanatiuze kanthu. Maliro atatha anapita nayo kwa munthu wowotcherera zitseko pamsewu, iye nawotcherera kachitsuloko ku felemu. Koma felemu imeneyi si chitsulo chathu chozolowera, ndi aluminiyamu ngati wa mapoto. Moto unadya pamenepo, kusiya chipsera chakuda chotupa. Zaidi anaitsuka njingayo, napaka mafuta tcheni, naibweza pamodzi ndi tambala wothokozera. Lolemba Sumaiya asanafike pa mlatho, kachitsulo kaja kanagwanso.

Pepala la galanti, lonjezo la kampani lokonza njinga ikawonongeka, munandisiyira ine, poti ndine wa ku yunivesite m'banja muno. Ndinaliwerenga ndipo ndinaona kuti felemu ilimo. Ndinalimba mtima. Ndinakweza njinga pa minibasi mpaka ku Lilongwe, kondakitala akudandaula njira yonse kuti chigwiriro chikuboola mpando, ndipo ngati ndi mwana wanga ndimukhazike pamiyendo.

Mwini shopu anali munthu waulemu, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Akanakhala wamwano bwenzi nditapeza pokwiyira. Anati kachitsuloko amakatcha hang'a, ndipo kamapangidwa dala kofooka, kuti pakachitika ngozi kathyoke iko felemu ipulumuke. Anati galanti siikakhudza, kali ngati tayala kapena mabuleki, mwini njinga amagula yekha.

Ndinamufunsa kuti tsono galanti ndi ya chiyani, ngati chinthu chimene chimathyoka ndicho chosalowamo. Anamwetulira nati galanti ndi ya zolakwika za ku fakitale, osati za pamsewu. Ndinati chabwino, nanga felemuyo. Anaika chala pa chipsera chija nafunsa kuti ndani amawotcha njinga ngati chimanga chachiwisi.

Anati tikanabwera nayo ili chithyokere, kachitsuloko kamamasulidwa ndi kabawuti kamodzi, akanaitanitsa kena nkhani n'kutha. Tsopano pomangira pake panasungunuka, ndipo kuwotchererako kunapha galanti yonse.

Ndinayamba kumuuza za maliro. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinamuuza za sanda, za Che Kalilu opanda nsapato, za tambala. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati pepani, Mulungu awalandire mayiwo, koma kampani ili kunja ndipo imangofuna chithunzi cha felemu. Ndinatuluka ndikunena zikomo. Mawu onse abwino oti ndikanamuyankha anandibwerera tili pa Salima.

Ndakwiya, achimwene, koma sindikudziwa wokwiyira. Zaidi anachita zimene anaphunzitsidwa. Wowotcherera anachita ntchito imene anapatsidwa. Wa shopu sananame, pepalalo ndaliwerenganso, zilimo, m'timalemba ting'onoting'ono tija ndinatidumpha poyamba. Aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka, koma njinga ili pakhoma.

Tsopano za ababa. Tsiku lija munaimba, foni anaiika pa sipika chifukwa cha makutu awo, ndiye tonse tinamva. Munati kutumiza zinthu kumudzi n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ababa anangoyang'ana foniyo mpaka itazima.

Kuyambira m'mawa mwake, akangochoka ku swala ya m'bandakucha amatulutsa njinga yawo yakale yakuda ija, n'kunyamula Sumaiya mpaka ku sukulu. Masana amapitanso kukamutenga. Bondo lawo lija latupa, amayi akumalithowa ndi madzi otentha, iwo akuti ndi nyengo chabe.

Ndinati Sumaiya azipalasa yekha njinga yakaleyo. Anati ilibe mabuleki, amene amadziwa kuiimitsa ndi phazi ndi iwo okha, ndipo sangaponye mwana pakati pa malole a shuga. Ndinati tipeze wa kabaza. Anati mwana wawo wamkazi sangamakhale kumbuyo kwa mwamuna wachilendo tsiku ndi tsiku iwo akanali moyo. Ndinati ndizimuperekeza ine. Anandiyang'ana nandikumbutsa kuti ndinagwera m'munda wa chinangwa tsiku lokhalo limene ndinayesa kuphunzira njinga.

Sumaiya si mwana, akuona. Wayamba kunama kuti mutu ukumupweteka kuti ababa apume. Sabata yatha anajomba kangapo, chikhalirecho mayeso a Fomu 4 ayandikira. Dzulo tikutsuka mbale anandiuza, osandiyang'ana, kuti mwina adzangolemba chaka chamawa. Inu ndi ine tikuwadziwa atsikana a kuno amene ananenapo kuti chaka chamawa. Timakumana nawo ku chigayo, ana ali kumbuyo.

Masiku apitawa ababa anandiitana pakhonde kuti ndiwawerengerenso pepala la galanti, ndikumasulira pang'onopang'ono. Nditamaliza anandifunsa ngati eni akewo sanalembepo pena pake za maliro. Ndinati ayi. Anati ndione kuseri. Ndinatembenuza, kunalibe kanthu. Kenaka anafunsa ngati anthu amenewo kwawoko safa. Amayi anaseka ali m'khitchini. Iwo sanaseke.

Njira ilipo. Wokonza njinga wa ku Boma anaiona, ndipo akuti atha kuchotsa zosinthira magiya zonse, kufupikitsa tcheni, njingayo n'kukhala ya giya imodzi ngati zina zonse za kuno. Siidzakhalanso njinga ija munaisankha ndi mtima wanu wonse. Ndikudziwa mmene munaigwirira ntchito, ndipo ndikudziwa kuti munkafuna mlongo wanu akhale ndi chinthu chimene inu simunakhale nacho. Koma msewu wa ku sukulu ulibe phiri. Sumaiya anandiululira kuti chiyambire sanasinthepo giya, ankaopa kuiwononga.

Vuto ndi loti ababa akukana. Akuti njinga ndi ya Fahad, anamulakwira kale kamodzi, ndipo palibe aikhudzenso mwini wake asananene. Anaikoleka pakhoma m'chipinda chawo naifunditsa chitenje.

Ndinaganizapo zoitenga iwo ali ku mzikiti, kukaikonzetsa, n'kuibweza ikuyenda. Ndinafika mpaka pogwira chitenjecho. Kenaka ndinaona kuti ndikhala Zaidi wachiwiri, wokonza chinthu cha mwini mwakachetechete chifukwa choopa kumuyang'ana m'maso. Ndinachisiya, n'kukatenga cholembera.

Sindikupempha njinga ina, kapena chilichonse choti mutumize. Ndikupempha mawu. Aimbireni ababa muwauze kuti magiya achotsedwe. Ngati mtima wanu ungalole kuwonjezerapo kuti pa za maliro zija sanalakwe, onjezerani. Ngati sungalole, nenani za magiya zokhazo, zinazo zidzabwera pa nthawi yake. Koma musatume ine kapena amayi, sangamve. Akufuna liwu lanu.

Imbani Lachisanu akachoka ku swala ya Ijumaa. Amakhala pakhonde, mwendo atautambasulira pa mpando. Foni ili m'thumba la mkanjo. Masiku ano akumaitchajitsa tsiku lililonse, chikhalirecho palibe wina amene amawaimbira.

Amayi akupereka moni, ndipo mpunga umene uli ndi Faruku ndi wanu, asakuuzeni kuti unatayikira pa malire. Che Kalilu amafunsa za inu nthawi zonse, sadziwa chilichonse cha zimenezi ndipo ababa analetsa kuwauza. Mundiperekere moni kwa alamu, mwanayo mumupsompsone m'malo mwanga. Allah akusungeni pa ntchito yanu, akupatseni thanzi, ndipo afewetse mitima yathu tonse.

Ndine mlongo wanu,
Bushra